Kufufuza Mbiri ya Makolo Poyambira pa Nyumba Yakale ya Kumudzi

Kumudzi kwathu ku Dedza kuli nyumba ya njerwa zowotcha ya zipinda zitatu imene tonse timangoti "kwa agogo", ngakhale eniakewo anatisiya kalekale. Malata ake anachita dzimbiri mpaka kufiira ngati katondo, ndipo khomo lake ndi lalifupi moti anyamata a masiku ano amawerama polowa. Nditayamba kufuna kudziwa kumene tinachokera, ndinataya miyezi ndikufunsa funso limene aliyense amayambira: "Kodi makolo athu anali ayani?" Yankho linali limodzimodzi kulikonse: "Ife ndife Achewa, tinachokera ku Kaphirintiwa." Nkhani n'kuthera pomwepo. Tsiku lina tili pakhonde ndinaloza denga n'kufunsa amayi aakulu kuti, "Malatawa anagula ndani?" Anayankhula mpaka nkhuku kulowa m'khola. Tsiku limodzi lomwelo ndinalemba mayina a anthu khumi ndi awiri amene ndinali ndisanawamvepo.

Munthu wachikulire mukamufunsa za makolo amakupatsani mawu amene anawabwereza kambirimbiri. Koma mukamufunsa za chinthu chimene akuchiona ndi maso, chitseko, mtengo wa mango, mwala wa pamoto, amakumbukira amene anachibweretsa, amene anakangana nacho ndi amene anali ndi pakati nthawi imeneyo. N'chifukwa chake ndimati wofufuza mbiri ya banja ayambire pa nyumba. Nazi njira zimene ndinatsata, ndi zimene ndikanachita bwino ndikanazidziwa poyamba.

Choyamba, pemphani

Musafike kumudzi ndi kope ndi foni n'kuyamba kujambula makoma. Nyumba ya kumudzi ili pa malo a mbumba, ndipo nkhani ya malo ndi yotentha masiku ano, makamaka chikhazikitsireni lamulo la malo a mafumu la Customary Land Act mu 2016. Mwana wa m'tauni akayamba kuyeza nyumba ndi kufunsa malire, abale amaganiza kuti akufuna kulembetsa malowo m'dzina lake kapena kuwagulitsa. Akakukayikirani kamodzi, pakamwa amatseka.

Yambirani kwa mwini mbumba, amene nthawi zambiri amakhala amalume anu aakulu. Auzeni mosabisa kuti mukufuna kulemba mbiri ya banja kuti adzukulu adzaidziwe, ndipo chilichonse chimene mulembe mudzawawerengera. Iwowo ndi amene akuperekezeni kwa amfumu. Musapite chimanjamanja: paketi ya shuga, mchere, sopo, kapena chitenje kwa agogo aakazi. Si malipiro, ndi ulemu wa munthu wofika pakhomo. Nthawi yabwino ndi yachilimwe, kuyambira Julaye mpaka Okutobala, anthu atakolola ndipo udzu utapsa moti maziko a nyumba zakugwa amaoneka. Nthawi ya dzinja aliyense ali kumunda, ndipo mabwinja amakhala ataphimbika ndi tchire.

Chachiwiri, iyendereni nyumbayo pang'onopang'ono

Tengani kope lachikuto cholimba, pensulo, tepi yoyezera ndi foni yodzaza moto. Jambulani pa pepala mmene pakhomo palili: nyumba yaikulu, khitchini, nkhokwe, khola, bafa, dzala, mitengo ikuluikulu, njira yopita kumadzi ndi yopita kumanda. Ikani muvi woloza kotulukira dzuwa. Kenako jambulani zithunzi za mbali zonse zinayi za nyumba, ndiponso zapafupi za chilichonse chimene chili ndi chilembo kapena nambala.

Yang'anani khoma. Kodi ndi la mitengo yomata, la mdindo, la zidina kapena la njerwa zowotcha? Ngati ndi njerwa, yezani zingapo m'chipinda chilichonse. Njerwa zoumbidwa chaka chimodzi zimachokera m'chikombole chimodzi, motero pamene kukula kwa njerwa kwasintha, kapena pamene pali mzere wowongoka wochoka pansi kufika kudenga, dziwani kuti chipinda chimenecho anachita kuwonjezera. Ndipo chipinda sichiwonjezedwa popanda chifukwa: panabadwa ana, kapena mchemwali anabwerako ku ukwati, kapena panafika ana amasiye. Funsani chifukwacho. Kwathu chipinda chachitatu chinatiululira kuti agogo analera ana awiri a mng'ono wawo, amene ife tinkangowayesa amalume athu enieni obadwa m'mimba imodzi ndi amayi.

Simenti ya pakhonde, ya pa sitepe ndi ya pansi pa zenera muiyang'anitsitse, chifukwa amisiri ankakonda kulemba chaka kapena zilembo zoyamba za dzina lawo ndi msomali simenti isanaume. Pachitseko pamakhala manambala a choko kapena a penti a anthu a kalembera ndi a zaumoyo. Kalembera wa anthu anachitika mu 1966, 1977, 1987, 1998, 2008 ndi 2018, ndiye mukafunsa kuti "alembi aja atabwera m'nyumba muno munali ndani?" mumapeza anthu a m'nyumbamo pa chaka chodziwika. Kwezaninso maso ku phaso: mitengo yake ndi yachilengedwe yosema ndi nkhwangwa, ya bulugamu, kapena matabwa ocheka? Anaidula kuti, anathandiza kunyamula ndani? Mng'alu waukulu pakhoma nawo uli ndi tsiku lake. M'madera a Salima, Dowa ndi Dedza anthu ambiri amakumbukira chivomerezi cha mu Malichi 1989, ndipo ngati khoma linang'ambika usiku umenewo ndiye kuti nyumbayo inalipo kale.

Malata ndiwo amayankhula kwambiri. Kale munthu wa kumudzi sankafolera malata ndi ndalama za chimanga cha pakhomo. Ndalama zake zinkachokera ku Joni, ku Salisbury (Harare ya lero) kapena ku Bulawayo, ku migodi ya mkuwa ya ku Zambia, ku usilikali, ku uphunzitsi, kapena ku fodya wa chaka chimene anagulidwa bwino. Mukadziwa kumene kunachokera ndalama ya malata, mwadziwa ulendo wa mwamuna wa pakhomopo. Amayi aakulu sankadziwa chaka chimene agogo aamuna anafolera nyumba yathu. Koma anati, "Anabwera nawo ulendo wawo womaliza, chaka chotsatira ndiye ndege ija inagwa, Kamuzu n'kuletsa Wenela." Wenela linali bungwe lolemba anthu ntchito ya ku migodi ya ku Joni. Ndege imeneyo inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana mu Epulo 1974 itanyamula Amalawi ochokera ku migodi. Apo chaka cha malata athu chinapezeka popanda pepala lililonse.

Mitengo musaiiwale. Mango obzala njere amayamba kubereka patapita zaka zisanu kapena kuposerapo, ndiye wina akati "ndinabadwa mangowa atayamba kumene kubereka" mwapeza poyambira kuwerengera. Mtengo uliwonse wa zipatso uli ndi amene anaubzala, ndipo pamudzi amadziwika chifukwa ndi nkhani ya umwini.

Chachitatu, funsani, koma mudziwe kafunsidwe

Safunsa anadya phula, koma wofunsa mothamanga nayenso amabwerera ndi makoko okhaokha. Khalani pansi pamphasa, osati pampando wautali kuposa wa amene mukuwafunsa. Gwirani nawo ntchito imene akugwira, kaya ndi kutongola chimanga kapena kusenda mtedza. Pemphani chilolezo musanayatse foni kuti ijambule mawu, ndipo muiike pambali kuti aiiwale. Funsani munthu mmodzimmodzi. Mukasonkhanitsa onse pamodzi, amalume ndi amene amayankhula, azimayi n'kumangovomera, chonsecho azimayiwo ndi amene anakhala pakhomopo zaka zonse amuna ali kuulendo.

Musafunse chaka. Funsani chimene chinachitika. Anthu athu amasunga nthawi ndi zochitika, ndipo ntchito yanu ndi kusandutsa zochitikazo kukhala zaka. Lembani kumapeto kwa kope lanu mndandanda woti muzionapo: nkhondo ya John Chilembwe mu 1915, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ya 1914 mpaka 1918 imene amuna ambiri anagwidwa kukakhala amtengatenga, chimfine chimene chinapha anthu nkhondoyo itangotha, dzombe la m'ma 1930, nkhondo yachiwiri ya 1939 mpaka 1945, Napolo wa ku Zomba mu Disembala 1946, njala ya 1949, chitaganya kuyambira 1953 mpaka 1963, kumangidwa kwa atsogoleri pa 3 Malichi 1959, ufulu mu 1964, kubwera kwa kwacha ndi tambala mu 1971, kusamukira kwa likulu ku Lilongwe mu 1975, kuchuluka kwa othawa nkhondo a ku Mozambique kuyambira 1986, Napolo wa ku Phalombe mu 1991, riferendamu ya 1993, ndi njala ya 2002. Ndiye mafunso anu akhale otere: "Nthawi ya njala ya '49 munali mutatha msinkhu?" "Nyumbayi anaimanga tikugwiritsa mapaundi kapena makwacha?" Gogo amene akuti anali atangovinidwa kumene pa njala ya 1949 anabadwa chapakati pa zaka za m'ma 1930, ngakhale chitupa chake cha unzika chinene zina. Zaka zobadwa za okalamba ambiri pa zitupa zimene zinalembedwa mu 2017 zinali zongoyerekeza.

Funso limene linanditsegulira zambiri ndi ili: "Nyumba iyi isanamangidwe munkagona kuti?" Nyumba imene mukuionayo kawirikawiri ndi yachitatu kapena yachinayi pa malo omwewo kapena pafupi. Nyumba zaudzu sizinkakhalitsa, komanso pa mwambo wakale wa Achewa nyumba ya munthu womwalira inkagwetsedwa maliro akatha. Mukafunsa za nyumba ya m'mbuyo, kenako ya m'mbuyo mwa iyonso, mukubwerera m'mibadwo popanda kutchula mawu oti makolo. Pa nyumba iliyonse funsani zinthu zinayi: anamanga ndani, anamangira yani, munabadwira ayani, munamwalira ayani.

Chachinayi, tsatani akazi

Apa ndi pamene ambiri amasochera, ndipo ndikufuna ndichedwepo. Timapepala ta mtengo wa banja timene mumapeza pa intaneti tinakonzedwa ndi anthu amene dzina, nyumba ndi malo zimatsata bambo. Kwa Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, mudzi umayima pa akazi. Pa ukwati wa chikamwini mwamuna amachoka kwawo n'kukamanga nyumba kwa mkazi. Thukuta ndi lake, malata ndi ake, koma dothi ndi la mbumba ya mkaziyo. Ukwati ukatha, kapena mkazi akamwalira, mkamwini amanyamula khasu ndi bulangete lake kubwerera kwawo, nyumba n'kutsala ndi ana. Choncho mbiri ya nyumba ya kumudzi ndi mbiri ya amayi, agogo aakazi, ndi amayi awo a agogowo.

Pa tsamba lalikulu lembani pamwamba dzina la mayi wakale kwambiri amene akukumbukika, uja amene amati ndiye tsinde la mbumba. Pansi pake ikani ana ake motsatana ndi kubadwa kwawo, chifukwa bere lalikulu ndi bere laling'ono ndi nkhani yaikulu pa ufumu ndi pa malo. Kenako tsikani ndi ana aakazi. Amuna okwatira pamudzipo muwalembe pambali ndi pensulo ya mtundu wina, ndipo pa aliyense mulembe mudzi wa kwawo, mfumu yake ndi amene anali ankhoswe. Mudzi wa kwawo kwa mkamwini ndi khomo la ulendo wanu wachiwiri, chifukwa kumeneko kulinso nyumba ina ya alongo ake imene ikusunga mbiri ya mbali ya bambo.

Funsaninso ngati panali chitengwa, pamene mwamuna anapempha kutenga mkazi kupita naye kwawo. Mayi wa chitengwa amasowa m'nkhani za kwawo ngati kuti sanabadweko, ndipo ana ake amakulira ku mudzi umene si wa mbumba yawo. Nthawi zambiri amatulukira pa nkhani ya maliro, pamene wina akumbukira kuti mtembo unabwera kuchokera kwakutikwakuti. Ngati kwanu ndi kwa Atumbuka, Angoni a ku Mzimba, Ankhonde kapena Asena, kumene kuli malowolo ndipo mkazi amapita kwa mwamuna, tembenuzani pepalalo: nyumba ikutsata amuna, ndipo funso lothandiza ndi la ng'ombe za malowolo, kumene zinachokera ndi kumene zinapita. M'madera ngati Ntcheu ndi Dedza, kumene Angoni ndi Achewa anakwatirana kwa zaka zoposa zana, miyambo iwiriyi mumaipeza pamudzi umodzi, ndiye musaganizire, funsani ukwati uliwonse paokha.

Chachisanu, chenjerani ndi mayina

Munthu mmodzi akhoza kukhala ndi dzina la ubwana, dzina la kuchinamwali, dzina la ubatizo, dzina la kusukulu ndi dzina limene analembetsa ku mgodi. Mayi amadziwika ndi mfunda wake, Naphiri, Nabanda, Nambewe, Nangondo, kapena ndi dzina la mwana wake woyamba, moti adzukulu ena amaika agogo awo m'manda osadziwa dzina lawo lenileni. Pamudzi umodzi a Naphiri akhoza kukhalapo asanu. Ana ambiri ankalembetsa kusukulu ndi dzina loyamba la bambo awo kapena la amalume amene ankawalipirira fizi, ndipo ena ankasintha dzina pobwereza Sitandade 8. Abale a mimba imodzi amapezeka ndi mayina a bambo osiyana.

Palinso kulowa dzina. Mfumu kapena mkulu wa banja akamwalira, wina amalowa dzina lake, ndipo anthu amasimba za onsewo ngati munthu mmodzi. Mukamva kuti mfumu yakutiyakuti inathawa nkhondo ya Angoni ndipo yomweyonso inalandira Kamuzu, dziwani kuti ndi anthu atatu kapena anayi. Funsani kuti, "Asanalowe ufumu dzina lawo linali ndani? Analowa m'malo mwa amalume awo kapena achimwene awo?" Mawu a chibale nawonso ndi otambasuka: "amayi" akhoza kukhala mng'ono wa amayi, "achimwene" akhoza kukhala mwana wa amayi aakulu. Nthawi zonse bwerezani: "Anayamwa bere limodzi?" Munthu aliyense mumupatse nambala m'kope lanu, ndipo pansi pa nambalayo muziwonjezera mayina ake onse pamene mukuwapeza.

Chachisanu ndi chimodzi, bokosi la kuchipinda

Pafupifupi nyumba iliyonse yakale ili ndi bokosi lachitsulo kapena sutikesi pansi pa bedi. Musalitsegule nokha. Pemphani amene amalisunga kuti alitsegule, atulutse chimodzichimodzi n'kumakuuzani. Mumapezeka ziphaso za msonkho zokhala ndi dzina la mwamuna, mudzi, mfumu ndi chaka, makadi a chipani, makadi a ubatizo ndi a chopereka, kabuku ka ndalama ka ku positi, malisiti a ku ADMARC, makadi a sikelo ya ana, pasi ya ku Wenela kapena TEBA (bungwe limene linalowa m'malo mwa Wenela) yokhala ndi nambala, makalata ochokera ku Rhodesia amene sitampa yake ili ndi tsiku. Baibulo kapena buku la nyimbo mulitsegule patsamba loyamba ndi lomaliza, chifukwa aphunzitsi ndi akulu a mpingo ankalembamo masiku obadwa a ana awo. Mwina mupezanso khobidi loboola pakati la nthawi ya chitaganya. Zithunzi muzitembenuze: chidindo cha situdiyo chimatchula tauni imene munthuyo anali.

Jambulani chilichonse mbali zonse ziwiri pamalo owala koma osati padzuwa, kenako mubwezere mmene chinalili. Musatenge mapepalawo kupita nawo kutauni, ngakhale mutaona kuti chiswe chayamba kuwadya. Gulani kabokosi kapulasitiki kotseka bwino n'kukasiya komweko. Mapepala otengedwa "kuti ndikasunge bwino" ndi amene amadanitsa abale.

Chachisanu ndi chiwiri, bwinja ndi manda

Midzi inkasamuka: nthaka ikaguga, imfa zikachuluka, pakabuka mkangano, kapena malo akatengedwa kukhala esiteti, nkhalango ya boma kapena malo osungira nyama. Pemphani wachikulire mmodzi akuperekezeni ku bwinja. Mudzalizindikira ndi mango kapena nkhadze zoima pakati pa munda, timilu ta dothi pamene panali makoma, nthaka yakuda ya padzala, mapale a mbiya, ndi mphero yosweka. Musakumbe ndipo musatole kanthu. Imani pamene panali nyumba iliyonse, mufunse mwini wake, mulembe pa mapu anu. Foni ikhoza kukusungirani malo enieniwo pa Google Maps, ndipo pa Google Earth ya pa kompyuta mungathe kuona zithunzi za m'mwamba za zaka zam'mbuyo. Funso lomaliza pa bwinja ndi loti, "Asanafike pano anachokera ku bwinja liti?" Ena lidzawafikitsa kutsidya kwa malire, ku Angonia kapena ku Milange m'dziko la Mozambique, kapena ku Chipata ndi Katete ku Zambia. Mabanja ambiri a Alomwe a ku Thyolo, Mulanje ndi Phalombe adzamva za esiteti imene makolo awo anafikira n'kuyamba kugwira thangata.

Kumanda sikulowedwa mwachisawawa. Chilolezo chimachokera kwa amfumu, ndipo m'midzi yambiri ya Achewa kumanda n'kumenenso kuli dambwe la Gule Wamkulu, kumene munthu wosalowa gule safikako. Akakukanizani musaumirire. Pezani adzukulu okumba manda, makamaka okalamba, chifukwa iwowo amadziwa amene anagona pati ndi pafupi ndi yani, ndipo anthu a bere limodzi amaikidwa mbali imodzi. Zaka za pa ziliza muzilembe, koma mudziwe kuti chiliza chimamangidwa patapita zaka, ndipo chaka chobadwa chimakhala chongokumbukira. Chaka chomwalira ndi chimene chimakhala chodalirika.

Chachisanu ndi chitatu, mabuku a mpingo ndi a boma

Tsopano muli ndi mayina, midzi ndi zaka zoyerekeza. Apa ndi pamene mabuku angakuthandizeni. Mukapita musanakonzeke mudzangoyang'ana masamba osadziwa chimene mukufuna.

Yambirani ku mpingo, chifukwa amishoni ndi amene anayamba kulemba mayina a anthu wamba. Funsani kuti nthawi ya agogo anu mudziwo unkapemphera pansi pa mishoni iti, popeza mabuku akale amakhala ku mishoni yaikulu, osati ku tchalitchi chatsopano chapafupi. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876, ya Mvera mu 1889, ya Nkhoma mu 1896, ya Akatolika ku Nzama mu 1901 ndipo ya Mua mu 1902. Mabuku a ubatizo a Akatolika amatchula makolo, mudzi ndi amene anaimira mwanayo, ndipo akale ena analembedwa m'Chilatini, moti Yohane mudzamupeza ali Joannes, Petulo ali Petrus. Ku CCAP funsani mabuku a ubatizo, a maukwati, a kalasi ndi a misonkhano ya akulu a mpingo. Lembani kalata kwa abusa kapena abambo mfumu, tchulani dzina, mudzi ndi zaka zimene mukufuna, ndipo mulole kuti akupatseni tsiku lawo. Kalembedwe ka mayina kankasinthasintha, l ndi r, ch ndi c, choncho werengani mokweza m'malo mongoyang'ana zilembo. Ngati banja lanu ndi la Chisilamu, mashehe achikulire ndi amene amakumbukira maukwati ndi maliro a pamudzi.

Ku Zomba kuli National Archives, nkhokwe ya zolemba za boma imene inatsegulidwa mu 1947. Musayembekezere kupeza faelo ya agogo anu. Chimene mungapeze ndi mbiri ya mudzi ndi ya ufumu: mabuku amene ma DC a nthawi ya atsamunda ankalembamo za mafumu ndi midzi ya m'boma lawo, malipoti a pachaka, nkhani za msonkho, milandu ya malo ndi ya ufumu, ndi zolemba zina za mishoni. Pitani ndi dzina la boma, la T/A, la gulupu ndi la nyakwawa, komanso mayina akale a malo, chifukwa mu faelo Mangochi ndi Fort Johnston, Mchinji ndi Fort Manning, Nsanje ndi Port Herald, Chitipa ndi Fort Hill. Funsiranitu za chilolezo ndi ndalama zolipira, tengani chitupa, ndipo mudzipatse masiku angapo. Ku Blantyre, laibulale ya Society of Malawi ili m'nyumba ya Mandala, imene inamangidwa mu 1882, ndipo ili ndi mabuku, mapu ndi zithunzi zakale. Amene kwawo ndi kumadzulo kwa Lilongwe afunsenso ku ofesi ya malo, chifukwa pa chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme chimene chinayamba mu 1968 minda ya mabanja inalembedwa m'kaundula, pamodzi ndi dzina la woimira banja. Ngati wina anapita ku nkhondo ndi King's African Rifles, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda, osabwerako, yesani dzina lake pa tsamba la pa intaneti la Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a asilikali amene anafa pa nkhondo ziwiri za dziko lonse.

Za matchona, aja anapita ku Harare, ku Bulawayo kapena ku Johannesburg n'kukhazikika komweko, yambirani pa adiresi ya pa kalata yomaliza imene ili m'bokosi lija. Mipingo ya CCAP ya ku Zimbabwe inasonkhanitsa Amalawi ambiri, ndipo zidzukulu zawo lero zili pa Facebook ndi WhatsApp zikufunafuna mudzi umene agogo awo ankautchula. Chithunzi cha nyumba, dzina la mfumu ndi la phiri lapafupi n'zimene zimawathandiza kuzindikira kwawo kuposa dzina la munthu.

Pomaliza, lembani ndipo mubwerere nazo

Pa mfundo iliyonse lembani amene anakuuzani, tsiku ndi malo, kapena pepala limene munaiona. Anthu awiri akasiyana, lembani mbali zonse ziwiri, musasankhe imene yakukomerani. Mfundo imene mwaimva kwa anthu awiri amene sanakhale pamodzi pokuuzani, kapena imene pakamwa ndi pepala zagwirizana, muiike chizindikiro kuti ndi yolimba. Zina zonse zikhale za pensulo.

Mudzakumana ndi zinthu zowawa. Mwina kholo lina linafika pamudzipo ngati kapolo kapena wogwidwa pankhondo, mwina wina anathamangitsidwa pomuganizira ufiti, mwina bambo wa mwana wina si amene aliyense amamutchula. Amene wakuuzani mufunseni ngati akulola kuti zilembedwe, ndipo akati ayi, zisalowe m'buku la banja kapena pagulu la WhatsApp. Masiku obadwa ndi zithunzi za zitupa za anthu amoyo musaziike pa intaneti.

Mawu amene munajambula muwasunge malo atatu: pa foni, pa kompyuta kapena fulashi, ndi pa imelo yanu. Faelo iliyonse ikhale ndi dzina la woyankhula ndi tsiku. Kenako sindikizani zimene mwalemba m'Chichewa, zilembo zikuluzikulu, makope osachepera atatu: la mwini mbumba, la mayi wamkulu wa pakhomopo, ndi lanu. Bwererani kumudzi, khalani pakhonde lomwe lija, muwerenge mokweza dzina ndi dzina. Konzekani kudulidwa mawu. Ine nditawerenga, amayi aakulu anandiimitsa pa tsamba lachiwiri n'kunena kuti ndadumpha mwana wina wa agogo amene anamwalira asanayambe kuyenda, amene anabadwira m'nyumba yaudzu imene inali pamene pali khola la mbuzi lero. Anadzuka, anandigwira dzanja, n'kukandilozera pamene panali khomo lake.